Chitseko Cholira ndi Mpopi Wodontha

Kunyumba kwawo ankamutcha Mphezi, ndipo dzinalo silinali lomunamizira. Ankachapa uku mphika uli pamoto, foni ili pakhutu, phazi likuletsa mwana kuponda m'madzi. Masana ankaphunzitsa ana a pulayimale, akaweruka n'kumawerengera digiri yake pa tebulo lodyera, pakati pa mbale ndi mawaya a mwamuna wake, yemwe anali wokonza magetsi.

Chaka chomaliza anapatsidwa chimangirizo chachikulu choyerekeza mabuku awiri. Loyamba linalembedwa kalekale m'dziko lozizira, lonena za mkazi amene mwamuna wake anafera mumgodi. Lachiwiri linali latsopano, la mayi wa mumzinda waukulu amene mwamuna wake anapita kunkhondo osabwerako. Asanayambe kulemba, wophunzira aliyense ankayenera kukafotokoza dongosolo lake kwa mphunzitsi. Likakanidwa kawiri, basi, kunali kubwereza chaka. Ndipo a hedi anali atamulonjeza kale Mphezi kuti digiri ikatuluka adzamuthandiza kupita kusekondale.

Mphezi anawerenga mitu yoyambirira, n'kudumphira kumapeto, zotsalazo n'kutolera chidule pafoni. Mfundo yake inapsa msanga: mkazi woyamba ndi wofooka, wangokhala duu ngati mpando, pamene wachiwiri ndi mkango, amagwedeza maofesi kufunsa za mwamuna wake. Analemba dongosolo looneka bwino, mitu yake yodula mzere kunsi.

"Mayi, bwanji bukuli masamba ake apakati akadali omatirirana?" anafunsa mwamuna wake akusuntha mabuku kuti aike mbale.

"Bambo, inu mukamakonza magetsi mumayamba mwayendera mawaya a m'tauni monse? Ine nyumba ndimaidziwira pakhomo."

Mwamunayo anaseka, n'kuisiya nkhaniyo.

Mphunzitsi wa Mphezi anali mayi wachikulire wa magalasi, wolankhula ngati mawu amagula. Anamvetsera mpaka Mphezi atamaliza, anayamikira kalembedwe, kenako anafunsa, "Nanga za chitseko mukuti bwanji?"

"Chitseko chiti, aphunzitsi?"

"Chabwino. Nanga za mpopi?"

Mphezi anafufuza papepala lake, mpopi osaupezapo. Mphunzitsi anamubwezera pepala lake ndi manja awiri. "Mwayerekeza zikuto, mayi. Eni ake simunakumane nawo. Mwatsala ndi mwayi umodzi."

Anafika kunyumba akufuka utsi, ati mayi uja amangomuda. Anzake anali atayamba kulemba, iye akadali pakhomo pa ntchito. Loweruka m'mawa anatsegula buku loyamba, osati kuti aphunzire, koma kuti achipeze chitsekocho n'kukasonyeza kuti n'chopanda pake. Anavundukula masamba uku ndi uku, chitseko osaoneka. Anayesa pafoni, osaoneka. Potsiriza anausa moyo, anakhala pansi bwinobwino, n'kuyamba tsamba loyamba, mzere ndi mzere.

Anachipeza pakati penipeni, m'mizere yochepa yoti wothamanga sangaione. Chitseko cha mkazi wamasiye uja chinkalira potsegula. Mlamu wake anabwera ndi mafuta kuti athire, ndipo mkazi amene sanakwezepo mawu m'buku lonselo anamugwira dzanja mpaka botolo linagwa. Mwamuna wake, tsiku lopita kumgodi komaliza, anali atanena kuti, "Chisiye, ndichikonza mawa."

Mphezi anatenga buku lachiwiri. Analiwerenga tsiku lonse lotsatira. Mayi wa mkango uja, akabwerako kokalipa m'maofesi, ankakhala yekha m'khitchini kumvetsera mpopi ukudontha. Mwini nyumba anatumiza wokonza, iye anamubweza pakhomo. Mpopiwo mwamuna wake anati adzaukonza akabwerako.

Olemba awiriwa sanaonanepo. Pakati pawo panali nyanja, zinenero zosiyana ndi mibadwo ingapo. Komabe onse awiri anagwada pamalo amodzi mumtima wa munthu, n'kutolapo chinthu chimodzi. Wofooka panalibe, mkango panalibe. Panali akazi awiri akusunga lonjezo laling'ono kuti mwini wake asafe kawiri.

Mwamuna wake atalowa, Mphezi anamukoka malaya. "Bambo, takhalani mumve izi." Anamuwerengera ndime zonse ziwiri. Mwamunayo anaika pansi chikwama cha zipangizo pang'onopang'ono, ngati muli mazira.

"Ndiye chifukwa chake," anatero motsitsa mawu.

"Chifukwa cha chiyani?"

"Switchi ya pakhonde kwa apongozi. Ndikangotulutsa sikuludiraiva amati, 'Ayi mkamwini, isiyeni, imwani tiyi.' Ine ndinkayesa sandikhulupirira."

Mphezi anagwira pakamwa. Chimwalirireni bambo ake, khonde la amayi ake linali mumdima, ndipo iye ankawakalipira nthawi zonse kuti ndi makani, tsiku lina adzagwa n'kuthyoka mwendo. Ankafika, kusiya zogula, kukalipa, n'kuthamangira basi.

Mawa lake ataweruka anapitako. Sanatenge zogula, ndipo za switchi sanazitchule. Anangokhala pafupi ndi amayi ake pakhondepo, akuwathandiza kupinda zovala.

"Lero sukuthamanga?" anafunsa amayiwo, akumuyang'ana cham'mbali.

"Ayi, amayi. Lero ndabwera kudzakhala."

Anapinda zovala mpaka dengu linatha. Kenako amayiwo anakweza maso kuyang'ana babu lozimalo. "Bambo ako anati akonza akatuluka m'chipatala," anatero. "Ndikamupatsa mwamuna wako, ndiye kuti ndavomera kuti anapitadi."

Mphezi anawagwira dzanja, ndipo anadabwa kuona kuti linali lopepuka chotero.

Dongosolo lachiwiri linamutengera nthawi yonse imene inatsala. Linalibe mizere yokongola, linali lofufutafufuta, koma mfundo iliyonse inali ndi tsamba lake, ndipo anasonyezanso pamene akazi awiriwo amasiyanadi: wina anasunga lonjezolo mwakachetechete, winayo analibisa pansi pa phokoso. Mphunzitsi anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Tsopano mwalowa m'nyumba," anatero. "Kalembeni."

Chimangirizocho anachipereka mochedwa ndipo anamudula malikisi, kotero kuti pamwamba pamene ankafuna sanafikepo. Koma anakhoza. Chimene chinamutsalira mumtima sichinali malikisiwo ayi. Chinali chakuti chinthu chimene chinali pakhonde pa amayi ake nthawi yonseyi, anachionera m'mabuku a anthu akutali, ndipo anachiona pokhapokha atakhala pansi. Akuluakulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.