Chipisi cha Mlamu

Panali mayi wina wogulitsa mandasi, dzina lake Nagama, amene manja ake anayamba kutuwa ndi kufunduka timamba toyera. Nthendayo sinali yopatsirana, koma ogula akaona manjawo ankalambalala beseni lake. Madzulo mandasi ankabwerera kunyumba.

Kuchipatala cha m'tauni anamupatsa mapilisi oti azimwa asanalowe m'kachipinda ka nyali zochiza khungu. Namwino anati, "Mayi, musanamwe muzidyako pang'ono kopanda mafuta, chimodzimodzi ulendo uliwonse." Nagama anagwedeza mutu, koma maganizo ali ku minibasi.

Tsono m'taunimo munali mlamu wake, mkazi wopatsa, ndipo kudutsa pakhomo pake osalowa ukanakhala mlandu. Ulendo uliwonse ankamukazingira chipisi ndi nkhumba yonona. Mlendo sakana chakudya. Nagama ankadya mpaka kunyambita zala, n'kumwera mapilisi pamwamba. Mafutawo ankachedwetsa mankhwala m'mimba, nyali n'kumayaka pachabe. Adokotala poona kuti khungu silikusintha, anawonjezera mphamvu ya nyali.

Tsiku lina kumpingo kunali kusala kudya. Nagama anamwa mapilisi m'mimba mulibe kanthu. Mankhwala onse anathamangira m'magazi, ndipo nyali zamphamvu zija zinamuwotcha ngati wapisa manja m'mafuta a mandasi.

Mutu unamuima. "Mapilisi omwewo, nyali zomwezo, ine yemweyo! Dzana zii, lero matuza?" Anakayikira namwino. Anakayikira mnzake wa beseni loyandikana, amene mandasi ake anayamba kutha msanga. Kudya anadya, kusala anasala, nanga analakwa pati? Pomaliza adokotala anamufunsa kuti amadya chiyani asanamwe mapilisi.

"Chimene ndachipeza tsikulo," anayankha motero, ndipo mawu a namwino aja anamubwerera.

Ulendo wotsatira mbale ya chipisi itafika, Nagama anaivundikira, natulutsa nthochi yake, napempha tiyi.

"Chakudya changa chayamba kununkha, alamu?" anafunsa mlamu wake.

Nagama anangotambasula manja a matuza aja. Mlamuyo anawayang'anitsitsa, nachotsa mbale, nakatereka madzi a tiyi. Patapita miyezi, manja anachira, ndipo beseni linayambanso kubwerera lopanda kanthu.

Inu amene mukumva, musanatukwane mankhwala kapena kuloza mnzanu chala, yambani mwadzifunsa kuti mankhwalawo anapeza chiyani m'mimba mwanu. Ndipo wokukondani akakutengerani mbale yokupwetekani, musamudyere manyazi. Muonetseni manja anu.