Nkhumba za Mbalule Zilowa Sukulu ya Mabwana

Mutsutsa, koma nkhumba za Mbalule zimagona pa matailosi.

Khola lake linali pakati pa sukulu ziwiri za ana a mabwana, Nyenyezi ndi Mtunda. Uyu akamanga nyumba yosanja, winayo ankasanja kawiri. A ku Mtunda atakumba dziwe losambiramo, a Chipwatali, eni ake a Nyenyezi, anafika kwa Mbalule atatsina mphuno.

"Achimwene, phwasulani kholali, pano pabwera bwalo la mpira. Mukavuta ndibwera ndi a khonsolo."

"Ndamva, bwana."

Kutacha, Mbalule anakagula pa kaunjika jekete yobiriwira, ngati ya aphunzitsi a ku Mtunda, n'kumuveka mlamu wake. Mlamuyo anayamba kuyeza khola ndi chingwe, osaseka.

A Chipwatali anatulukira ali wefuwefu. "Ameneyu akufunanji?"

"Akuti ku Ulaya sukulu yopanda nkhumba si sukulu," anatero Mbalule. "Koma ndawauza kuti bwana alamula kale zophwasula."

"Ndani wanena zophwasula?"

Posakhalitsa khola linali ndi malata, matailosi ndi chikwangwani cha Famu ya Nyenyezi. Mbalule anakhala mphunzitsi wa zaulimi.

Tsiku lotsegulira, a Chipwatali akudula riboni pamaso pa makolo, anaona wa jekete yobiriwira uja akuwola ndowe.

"Uyu si wa ku Mtunda?" ananong'ona.

"Ndi alamu anga, bwana. Sachedwa kumva kuzizira."

Makolo anali akuwomba m'manja, ndiye a Chipwatali anawomba nawo.

Chabwino, za matailosizo ndawonjezera. Pansi ndi simenti wamba.