Mkate Umene Unauma Pazenera

Panali munthu wina m'dziko la Ejipito, masiku amene Chikhristu chinali chikadali khanda. Munthuyu anasiya mudzi, munda ndi mlongo wake mmodzi yekhayo, napita kuchipululu kukafuna Mulungu. Anapeza phanga m'thanthwe, nalowamo, natseka pakhomo ndi miyala ndi dothi. Anangosiya kazenera m'mwamba, kongokwana mkono. Ndipo analumbira kuti khoma limenelo lidzagumulidwa ndi anthu odzamuika m'manda basi.

Anthu a m'midzi yoyandikira ankamuikira mkate ndi kamtsuko ka madzi pazenerapo. Iye ankatenga, n'kuwatulutsira mikeka imene ankaluka ndi mlaza. M'mawa uliwonse dzanja lake linkaoneka likunyenyera mpheta mkate. Nkhope yake palibe ankaiona. Ngakhale mlongo wake uja, dzina lake Tekusa, amene ankayenda ulendo wowawa chaka ndi chaka, ankangomva mawu kuseri kwa khoma: "Bwerera, mlongo wanga, tidzaonana kumwamba." Mayiyo ankabwerera akulira, nthawi zina akung'ung'udza njira yonse.

Mbiri ya munthuyo inawanda. Anayamba kumutchula kuti Bambo Woyera, ndipo ankati wodwala akagona pa mkeka wake amadzuka atachira.

Tsiku lina mkate sunatengedwe. M'mawa mwake chimodzimodzi. Mkate unauma gwa pazenera, madzi n'kumangofunda ndi dzuwa mumtsuko. Tsono imvani nzeru za ife anthu opemphera. Palibe amene anafunsa kuti, kodi mkuluyu ali bwino? Mkulu wa mpingo anakweza manja nati, "Bambo Woyera asiya chakudya cha pansi pano. Akuwadyetsa ndi angelo!"

Anthu anakhamukira komweko. Anamanga misasa pansi pa thanthwe, nayamba kuimba mosinthana magulu, kuti angelo akamatsika asapeze pali zii. Nyimbo siinkaduka.

Uthenga unamupeza Tekusa akupalira m'munda. Anamuuza ngati nkhani yabwino, koma iye sanamwetulire. Ananyamuka khasu lili paphewa, osadzeranso kunyumba.

Atafika, sanagwade monga anzake. Anayang'ana pazenera. Mpheta zinali kujompha mkate woumawo, koma unali utalimba ngati njerwa. Anapita kwa mkulu wa mpingo.

"Abambo, dzanja lija munaliona liti?"

"Mayi, munthu wocheza ndi angelo alibe nthawi yotulutsa dzanja."

"Achimwene anga ndikuwadziwa ine. Ali mwana ankakwapulidwa chifukwa choba mapira a amayi kukapatsa mbalame. Kusala kudya amasala, koma mbalame sanazisalitsepo. Tadulani nyimbo pang'ono ndiwaitane."

"Tidule nyimbo, angelo athawe?" anatero mkuluyo, maso ali psuu. "Ndipo ndikuchenjezeni, khoma ili lili ndi lumbiro. Wolikhudza, miyala imuthera pompano."

Tekusa anaitana chomwecho, koma mawu ake anamira m'nyimbo. Anaima pamenepo n'kulingalira. Ngati mchimwene wakeyo ali bwino, ndiye kuti amuswera lumbiro la moyo wake wonse, ndipo iye afera chabe, wotembereredwa ndi m'bale wake yemwe. Ngati sali bwino, kudikira n'kumupha. Anaopa, ndithu anaopa. Koma chibale ndi fupa, sichiola.

Anakweza khasu, natema nalo khoma.

Dothi linagwa. Amayi a m'khamu lija anakuwa. Analitemanso, ndipo mwala woyamba woponyedwa ndi anthu aja unamupeza pamwamba pa khutu, magazi n'kutsikira m'khosi. Khamu lonse linawerama kufuna miyala. Koma munthu sangaimbe uku akusaka mwala. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, pathanthwe paja panati zii.

Mu ziimo munamveka kanthu kuchokera m'phanga. Go. Go. Go. Kaphokoso kofooka, ka mbale yadothi yogogodedwa pansi.

Miyala inatsalira m'manja. Tekusa sanacheuke n'komwe. Anagumula mpaka panakwana mapewa ake, nakwawira m'kati. Anamupeza mchimwene wake ali chigonere pansi, atafa ziwalo mbali imodzi, milomo itang'ambika, lilime litatupa. Zenera linali pamwamba pake penipeni, koma sakanatha kudzuka. Chimene chinamusunga masiku onsewo ndi madzi onunkha a m'mbale yonyikamo mlaza, ndipo nawonso anali atatha. Mbale yomweyo ndi imene ankagogoda.

Anamukokera panja, namudonthezera madzi pang'onopang'ono. Patapita nthawi mawu anatuluka, mbali imodzi ya pakamwa.

"Ndinkakumvani," anatero kwa khamulo. "Ine ndinkati madzi, inu n'kumayankha kuti Aleluya."

Palibe anakweza mutu. Mkulu wa mpingo yekha, posafuna kuti chozizwitsa chake chife, anafunsa motsitsa, "Nanga angelo aja, Bambo?"

"Wabwera mmodzi," anatero. "Wabwera ndi khasu. Ndi uyu mwamutema ndi mwalayu."

Ndipo anayang'ana nkhope ya mlongo wake, imene sanaione kuyambira ali mtsikana. Inali nkhope ya mayi waimvi, yodzaza fumbi ndi magazi. Analira. Anakhalabe m'phanga lomwelo mpaka imfa yake, akupemphera monga kale, koma khoma lija sanalole kuti alimangenso. Anaikapo chitseko cha mlaza chopanda mpiringidzo, ndipo ankauza obwera kwa iye kuti, ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Abale anga, khamu lija silinali la anthu oipa. Linali la anthu onga inu ndi ine, okonda Mulungu, odziwa nyimbo. Koma ankamutamanda munthu uku akufa, ndipo chitamando chawocho n'chimene chinkawagonthetsa makutu.

Pali wina pakati panu amene mumati, "Uyu ngolimba, sadandaula." Mwina ndi mayi wamasiye uja amene amafika woyamba kudzasesa m'tchalitchi. Mwina ndi bambo amene amasenza maliro onse a m'mudzi, kapena mwana wanu woyamba amene aliyense amamudalira. Wakhala chete masiku ano, ndipo inu mwati chikhulupiriro chake chakula. Ndikufunseni funso la Tekusa: dzanja lake munaliona liti?

Ndipo iwe amene unadzimangira khoma n'kulitcha chiyero, siyapo chitseko. Enanu, mukatuluka muno, dulani nyimbo pang'ono. Pitani mukagogode, ndipo akapanda kuyankha, musabwerere. Mkate ukauma pazenera, si nthawi zonse pamene patsika angelo. Nthawi zina m'kati muli munthu ali chigonere, akugogoda mbale, kudikira kuti mukhale chete.