Nsalu ya Khofi ya Mayi Nangondo

Kalekale, ngakhale si kale lovala nsalu za chiwondo ayi, pakuti mabotolo apulasitiki anali atayamba kale kutseka ngalande, kumapiri a ku Thyolo kunali mayi wina wamasiye dzina lake Nangondo. Mayiyu anali ndi ana atatu ndi munda umodzi wa khofi wotsetserekera kumtsinje. Khofiyo anamulima moyo wake wonse koma sanamulawepo. Ankati n'chakumwa cha anthu osafuna kugona, ndipo munthu wosafuna kugona ali ndi chimene akudikirira.

Mwamumva kale munthu wake. Ukamupatsa moni kawiri tsiku limodzi, ankafunsa chimene wabwerera. Ukamutengera nkhuni, ankamasula mtolo kuti aone zam'kati. Mawu ake anali amodzi: galu wamkota sakandira pachabe.

Chaka china matenda ofa ziwalo anamugwetsa, mbali yakumanzere yonse n'kuuma. Kudzuka sankatha, ndipo madzi ankangotayira pomwe wagonapo. Kenaka chiperoni chinafika, kamvula kowaza kaja kosalola dzuwa kutuluka. Zitenje zochapidwa zinkalendewera pachingwe osauma, ndipo Nangondo ankachoka pa chonyowa n'kukagona pa chonyowa chinzake. Amayi a kumpingo akabwera kudzamuona, ankaimbira nyimbo pakhomo, chitenje chili pamphuno. Zimenezi zinkamupweteka kuposa matendawo. M'chiuno munatuluka zilonda, ndipo adokotala a pachipatala chaching'ono sanabise: akapitiriza kugona pachinyontho, zilondazo zifika pafupa, khofi wa chaka chino sadzamuona akupsa.

Tsono Nangondo anaitana ana ake onse atatu n'kunena kuti, "Amene andichotse m'chinyontho ndi m'fungo limeneli, munda wa khofi ndi wake." Atangotseka pakamwa anadziwa kuti wathira shuga pauna wa nyerere, koma mawu anali atatuluka.

Woyamba kubadwa anali Felista, amene ankatsuka makapu pa hotela ina ku Limbe. Iyeyu ankaona ophika akamaliza kutumbula nsomba akutikita m'manja ndi nsenga za khofi, zakuda zija zotsala pansi khofi akasefedwa, fungo la nsomba n'kutha. Anayamba kutolera nsengazo tsiku ndi tsiku, kuziyanika, n'kumabwera nazo m'matumba. Zina anaika m'mbale pafupi ndi mphasa ya amayi ake osawauza. M'mawa Nangondo akufufuza ndi dzanja lake lamoyo lija, anagwira ufa wakuda. Kodi munthu wotolera zotsala m'makapu a anthu n'kudzaziika kumutu kwa wodwala timamutcha chiyani?

"Iwe Felista, wapita kwa sing'anga uti?"

"Ndi khofi wanu yemweyu, amayi. Amamwa fungo."

Fungo linachepadi pang'ono, koma chinyontho chinali pomwepo, ndipo Nangondo anayamba kugona diso limodzi lili pambaleyo.

Wachiwiri anali Yokoniya, mwana wamwamuna yekhayo. Ankagwira ntchito pa kafakitale kena kosungunula mabotolo apulasitiki n'kupanga ulusi. Kumeneko anamvapo mlendo wina akufotokoza kuti kumaiko ena amapera nsenga za khofi mpaka zisalale ngati ufa woyera, n'kuzisakaniza ndi pulasitiki wosungunukayo, ndipo nsalu ya ulusi umenewo imauma msanga komanso sisunga fungo. Yokoniya anatenga matumba a mlongo wake. Lamulungu lina eni fakitale ali kutchalitchi, iye anayatsa makina. Ulusi woyamba unkaduka, wachiwiri unatseka timabowo ta makinawo, koma pomaliza unatuluka wabwino, wofiirira ngati dothi la kumunda. Eni ake atapeza makina akununkhira khofi, anamuchotsa ntchito tsiku lomwelo. Anafika kumudzi ndi ulusi pamutu, chikwama cha zovala kumanja.

Nangondo sanayang'ane ulusiwo. Anayang'ana chikwama.

"Munthu wodzaona wodwala amanyamula zovala zake zonse?"

"Ntchito yatha, amayi. Yathera inu."

"Yathera ine, kapena yathera munda?"

Yokoniya anaweramitsa mutu, ndipo amayi ake anati mumtima, ndakugwira.

Wotsiriza anali Zelesi, amene sanachoke pamudzi. Ndiye ankawasambitsa amayi ake, kuwatembenuza, kuwapaka mankhwala a kuchipatala ndi kuchapa zitenje zija mpaka zala kusupuka. Ali mtsikana anaphunzira kuwomba nsalu kwa masisitere, ndipo chowombera chake chamatabwa chinali chidakali kuseri kwa nkhokwe. Anachipukuta fumbi, n'kumangapo ulusi wa mlongo wake. Koma nsalu imafuna muyeso, ndipo pamudzipo panalibe tepi. Masana ena amayi ake akuwodzera, Zelesi anadula bango kumtsinje, nalowa nalo mwakachetechete, naligoneka pambali pawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Inu, ngakhale mwana amadziwa amene amayeza munthu wogona ndi bango. Ndi adzukulu okumba manda, ndipo woyezedwayo amakhala atatsikira kale kuli chete. Nangondo anatsegula maso bango lili pambali pake, mwana wake atagwada akuika chizindikiro ndi chala. Sanakuwe. Anangoyang'ana, Zelesi naye n'kuyang'ana, kenaka mtsikanayo anatuluka ndi bango lake.

Kuyambira tsiku limenelo chowombera chinkalira kuseri, kho, kho, kho, ndipo kwa Nangondo kulira kumeneko kunali kukhoma kwa bokosi. Phala ankayamba walinunkhiza. Akamva ana ake akunong'onezana pakhonde, ankatchera khutu. Anali ndi mantha, ndikunena zoona, mantha oopa ana obereka yekha.

Nsalu itatha, atatuwo analowa nayo pamodzi, nkhope zili mwee. Anaitambasula. Inali yofewa, yofiirira, koma kutalika kwake kunapitirira munthu wogona, mkono wathunthu kumutu, wina kumapazi. Nangondo anali atasambitsapo mitembo yambiri pamudzipo, ndipo ankadziwa ntchito ya nsalu yotsala kumutu ndi kumapazi. Ndi pomangira.

"Chotsani nsanda yanuyo," anatero. "Ndikadali ndi mpweya."

Anaikana masiku angapo, chiperoni chikuwazabe, zilonda zikunka zikula. Pomaliza, ululu utamukulira, anawaitananso.

"Khalani apo. Aliyense anene chimene wandibisira. Ndikamva bodza, munda ndipereka kumpingo."

Felista ndiye anayamba. Ophika a kuhotela ankapereka nsengazo kwa wolima maluwa, ndipo sanafune kumupatsa iye. Kuti amumvere chisoni, anawafotokozera zonse: kuti amayi ake amadzinyowetsa, kuti amayi a kumpingo amatseka mphuno pakhomo. Nkhaniyo inayenda, moti tsopano ngakhale makondakitala a minibasi za ku Thyolo ankamufunsa kuti agogo onunkha aja ali bwanji. Nangondo anatseka maso. Manyazi amene ankafuna kuti aphimbidwe, mwana wake anali atawayanika pamsewu.

Yokoniya sanazungulire. "Mundawo ndikuufunadi, amayi. Kuchikamwini kwanga ndilibe ngakhale mzere umodzi woti ndiutche wanga. Mukanapanda kutchula munda, makina a eni ake sindikanawakhudza. Ndikanakugulirani bulangete basi."

Zelesi anayang'ana zala zake zosupukazo. Kenaka anati, "Bango lija sindinalakwitse, amayi. Ndinayeza nsanda. Ine ndi amene ndimaona zilonda zanu, ndipo sindinkakhulupirira kuti mudzuka. Ndinati mukachira mugonepo, mukapanda kuchira musapite mutakulungidwa m'nsanza zonunkha. Ndiponso ndatopa, amayi. Masiku ena ndikamachapa ndinkapempha Mulungu kuti zithe, osasankha kuti zithe bwanji."

"Zelesi, pakamwa pakopo," anatero Felista.

"Musiyeni, achemwali," anayankha Yokoniya. "Amayi afunsa zoona."

Apa ndiye mudabwe. Nangondo anapumira m'mwamba, mtima wake n'kukhala pansi kwa nthawi yoyamba chidwalireni. Chimene chinkamusowetsa tulo chinali chifundo chosaoneka kumene chachokera. Tsopano galu aliyense anali ataonetsa chimene ankakandira. Misozi inatsika mbali yamoyo ya nkhope yake, koma mawu anatuluka olimba.

"Bweretsani sizasi. Mudule pakati."

Zelesi anadula nsalu imene anaiwomba yekha.

"Eya," anatero mayiyo. "Nsanda yodula sikwanira munthu. Ina ndigonepo, ina ikhale pachingwe."

Ndi mmene zinayendera. Chidutswa chimodzi chikanyowa ankachichapa, ndipo ngakhale kunja kuli chifunga, chinkauma chinzake chisanafune kusintha. Fungo linatha m'nyumbamo. Mankhwala a kuchipatala anayamba kugwira poti pansi panali pouma, ndipo zilonda zinapola chimodzichimodzi. Amayi a kumpingo analowa mpaka m'kati, wina n'kufunsa kumene nsalu yokongolayo inagulidwa. Khofi atafiira m'mitengo, ana ake anamunyamulira Nangondo pakhonde, atafunda chidutswa cha nsanda yake, akuyang'ana munda wake kumunsi.

Ana atatu aja anakhala patsogolo pake kudikira. Kugawa mundawo sikunali kotheka, chifukwa ngalande yothirira inali imodzi, ndiponso Nangondo analumbira kwa malemu amayi ake kuti sadzaudula. Nsalu inadulika, koma munda unayenera kupita kwa mmodzi.

Anayang'ana Felista. Popanda iye nsengazo zikanathera m'maluwa, ndipo nkhani yonse sikanayamba, koma ndi yemweyo amene anasandutsa amayi ake nyimbo ya m'minibasi. Anayang'ana Yokoniya. Popanda iye nsenga zikanakhala ufa wa m'mbale, ndipo ndi yekhayo amene anataya pogwira, komatu anavomera ndi pakamwa pake kuti anakokedwa ndi munda, ndiponso kwawo kwa Nangondo munda sutsata mwana wamwamuna. Anayang'ana Zelesi, amene manja ake anachapa ndi kuwomba, amene popanda iye ulusi ukanangokhala mpira pakona, koma amene anayeza amayi ake ndi bango akupuma, napempha kuti zithe.

Ine nkhaniyi ndinaisiya pomwepo, mayiyo asanasankhe, akusisita nsalu paphewa, khofi akuyamba kuyoyoka posowa womuthyola. Tsono inu amene mwakhala pano, mukanakhala Nangondo pakhonde paja, mundawo mukanapereka kwa yani: wokuvulani pamaso pa anthu kuti akuvekeni, wokuthandizani maso ali pamunda, kapena wokusamalani atakuyezerani kale nsanda?