Zenera la Bwana Nyamalikiti

Kalekale, nyama zili ndi boma lawolawo, la maofesi, zidindo mpaka mbendera, kunachitika nkhani imene mpaka lero ena safuna kuti izikambidwa. Sunthirani pafupi ana inu, ndipo mukakaulula musakatchule dzina langa.

Chaka chimenecho kunagwa chilala, moti nyama zinadya ngakhale mbewu yosungira. Boma linalengeza kuti aliyense alandira kuponi ya mbewu mvula isanagwe. Ntchito yokonza ofesi ya makuponiwo anaipereka kwa Bwana Nyamalikiti, aja a khosi lofika kumitambo, ophunzira mpaka kunja.

A Bwana anaitanitsa msonkhano. Anaitana ndani? Njovu, Ngamila ndi Nthiwatiwa. Anakakhala masabata atatu ku hotela ya kuphiri, tiyi wa mkaka kanayi patsiku, akukambirana mavuto a nyama zing'onozing'ono. Eni ake mavutowo sanawaitane, poti akanangosokoneza zokambirana.

Kumeneko anagwirizana zogula makina. Ukaonetsa nkhope pazenera, makinawo amaijambula, n'kulira kuti tii, kuponi n'kutuluka. Zenera analiika pothera khosi la a Bwana, kuti munthu wamkulu asamavutike ndi kuwerama. Ndipo musati sanayese ayi, anayesa ndithu. A Bwana anaima, tii. Ngamila anaima, tii. Nthiwatiwa ananyomphoka pang'ono, tii. Onse anaomba m'manja kuti dziko latukuka. Kenaka a Bwana analemba lamulo ndi dzanja lawo: wosaoneka pazenera palibe.

Ukalaliki wa pazenerapo anaupereka kwa Nthiwatiwa. Za mmene anaupezera ine sindinganene, ndine mayi wopemphera. Ndingoti nthenga zina zinapezeka m'galimoto ya a Bwana, ndipo akazi awo atazinunkhiza anati si za nkhuku.

Tsono kunali Mayi Fulu, mkazi wamasiye wa ana asanu. Mizere anali atagalauza kale, chosowa chinali mbewu basi. Anayenda masiku awiri kufika paofesi. Kuyang'ana kutsogolo, khoma. Kuyang'ana kumwamba, khoma. Anapempha odi katatu, ndipo kumwamba kuja kunamveka mawu a Nthiwatiwa akuitana wotsatira.

“Ndili pano achemwali, pansi pano.”

“Makina sakukuonani mayi. Wosaoneka pazenera palibe.”

Mayi Fulu anadzigogoda pachigoba kuti atsimikize, napeza kuti alipo ndithu. Komanso sanali yekha. Pansi pa khomalo panali khamu la osakhalako anzake, ndipo aliyense anali atayesa nzeru zake. Chule anadumpha mpaka pazenera, makina n'kujambula mimba yokha. Bilimankhwe anakwera khoma masiku awiri, koma pofika anali atasanduka mtundu wa njerwa, makina n'kumuyesa njerwa. Anayesanso kuberekana, wina pamsana pa mnzake, koma zinathera pa Nungu, poti palibe amene anafuna kumukwera.

Mukuti bwanji sanakadandaule? Bokosi la madandaulo linalipo, lopaka penti yabwino. Analikhoma pamwamba pa zenera.

Pakutha pa mwezi a Bwana analembera akuluakulu kuti ntchito ikuyenda bwino kwambiri, dandaulo palibe ngakhale limodzi. Anawonjezera kuti nyama zing'onozing'ono sizinabwere chifukwa ndi zaulesi, sizikonda chitukuko, ndipo pakufunika msonkhano wina wa masabata atatu woti akambirane za ulesi umenewu.

Chizimalupsa chinagwa n'kupita. Mitambo ya mvula yobzalira inayamba kusonkhana. Ena anatopa n'kubwerera, koma Mayi Fulu anakhala. Ankati kubwerera chimanjamanja n'chimodzimodzi kukauza ana asanu aja kuti chaka chino tidzadya mizere. M'mawa uliwonse ankapempha odi, ndipo m'mawa uliwonse ankauzidwa kuti palibe.

Koma Chauta sagona. A Bwana anali ndi khalidwe lina: pamaso pa akuluakulu ankagwedeza mutu pa chilichonse, ngakhale wamkulu akangotsokomola. Tsiku lina anagwedeza kuyambira m'mawa mpaka madzulo, khosi n'kuthyoka msempha. Linagwa ngati nthochi yolemedwa ndi mkoko, mutu mpaka padothi, osadzukanso. Adokotala anati apite kuchipatala chachikulu, koma akatenge kaye kalata kuofesi. Ndipo ndani anali atalamula kuti makalata onse a boma azitulukira pa makina omwe aja? Mwadziwa kale.

A Bwana anafika paofesi akukwekwereza mutu m'fumbi, n'kudzaima pafupi ndi chigoba cha Mayi Fulu. Anakuwa kuti Nthiwatiwa atulutse kalata msanga.

“Mawuwo ndikuwadziwa bwino,” anatero Nthiwatiwa, “koma makina sakukuonani. Wosaoneka pazenera palibe.”

Mtsikanayo sankanama, popanda nkhope makina sakanalira. Kungoti akuti masiku amenewo anali atayamba kuseka kwambiri nthabwala za Ngamila, amene amayembekezeka kulowa pampando. Ine ndinangomva.

Mayi Fulu anatulutsa mutu pang'onopang'ono nawayang'ana a Bwana m'maso, koyamba chibadwire.

“Takulandirani bwana kuno kwa ife osakhalako. Mzere ukuyambira kumbuyo kwa a Chule.”

Masiku atatu a Bwana anakhala pamzere, tsaya lili padothi. Anaona zimene sanazionepo ali kumwamba: kuti kuchokera pansi ofesi yawo yokongola ija ndi khoma chabe, kuti chikwangwani sichiwerengeka, kuti mthunzi palibe, ndiponso kuti linthumbu silisankha wophunzira. Anamvanso mayina onse amene ankatchulidwa nawo pamzerepo, ena oti sindingawabwereze pamaso pa ana.

Tsiku lachitatu kunagunda bingu kum'mawa. A Bwana anafunsa motsitsa mawu kuti kodi mayi, zenerali likanakhala pati?

“Mukufunsa ine?” anatero Mayi Fulu. “Ine wa ulesi uja? Funso limeneli n'labwino bwana. Langochedwa ndi khoma lathunthu.”

A Bwana anaitanitsa Njovu kuti abowole khoma, n'kuloza ndi mphuno pamalo pomwe anaona kuti mpoyenera. Njovu atakweza nyundo, Mayi Fulu anamuimitsa.

“Mwayambanso. Pamenepo ndi pothera mutu wanu wodwalawu, si pothera wanga. Muli ndi choko?”

Choko chinapezeka. Aliyense anaima pakhoma, Njovu n'kulemba pothera nkhope yake. Mizere ya choko inadzaza khoma kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo zinaoneka kuti zenera limodzi silingakwanire onse. Chule ndiye anati bwanji makinawo awamangirire chingwe ngati chidebe cha pachitsime, azitsika ndi kukwera kutsata mwini nkhope. Anayesa, makina anazungulira n'kujambula mchira wa Njovu. Anakonza, nayesanso. Bilimankhwe anaonekabe ngati njerwa, ndiye anapempha kuti iye azingotchula dzina lake, ndipo anakonzanso. Nungu anapempha mthunzi ndi malo otakasuka, ndipo pamenepo onse anavomera msanga. Zonsezi zinatha dzuwa lisanapendeke, popanda hotela, popanda tiyi wa mkaka.

Makina anatsika mpaka pamphuno pa Mayi Fulu. Tii. Kuponi inatuluka madontho oyamba akugwa. A Bwana anafuna kulowerera kuti kalata yawo ndi yachangu, koma anakumbutsidwa kuti ali kumbuyo kwa a Chule.

Panatsala vuto limodzi: ulendo wa masiku awiri, mvula itayamba kale. Mayi Fulu anafunsa ngati pamsonkhano wa kuphiri uja panali amene anaganizako za miyendo yaifupi. Njovu anachita manyazi, namunyamula pamsana pamodzi ndi thumba la mbewu. M'mawa mwake mayi ndi ana ake asanu anali m'munda akubzala, nthaka ikadali yonyowa.

Nanga a Bwana? Anachira bwinobwino. Boma linawaveka mendulo chifukwa chotulukira makina a chingwe, ndipo analankhula pawailesi kuti nzeruyo anaitenga kusukulu ya kunja. Dzina la Chule silinamveke. Mayi Fulu anamva nkhaniyo akupalira chimanga chake chofika m'khosi, khosi lake iyeyo, ndipo anangoti asiyeni avale. Akuti mendulo ija ndi yolemera, imawaweramitsa pang'ono, ndipo mwina n'chifukwa chake ofesiyo ikuyendabe bwino mpaka pano.

Nkhani yanga yathera pomwepa, ndipo phunziro lake nali: ukamamangira anzako zenera, uziyeza msinkhu wawo, osati khosi lako.