Woyendetsa Amene Analibe Womutsitsa

Panali munthu wina, dzina lake Lufeyo, amene ankadyera liwiro. Ntchito yake inali yothamangitsa galimoto pa mipikisano. Kwawoko anthu ankatenga magalimoto ooneka ngati a pamsewu omwewa, n'kuchotsamo mipando yonse kusiya umodzi, n'kuwotchereramo mapaipi achitsulo kuti woyendetsa asaphwanyike galimoto ikagubuduzika. Zitseko ankaziwotcherera kuti zisamatsegukenso, moti munthu ankalowera pawindo ngati mbala. Bwalo lake linali lozungulira ngati dzira, ndipo magalimoto makumi anayi ankalizungulira maulendo mazana awiri, iliyonse ikununkhiza kumbuyo kwa inzake. Musandifunse kuti ankathamangira chiyani anthu oti akubwerera pomwe achokera. Inunso zilipo zimene mumathamangira, ndipo ine sindinakufunseni.

Lufeyo anayamba ngati makaniko m'galaja ya munthu wina wolemera. Tsiku lina woyendetsa wa pagalajapo anadwala, ndipo anamulowetsa iye m'galimoto pongofuna kuti malo asapite pachabe. Anamaliza wachitatu. Kuyambira pamenepo sipanala anaisiyira ena. Kwa zaka khumi ndi ziwiri anayendetsa magalimoto a eni ake, akupambana apa, akugonja apo, mpaka dzina lake linadziwika kwa aliyense wokonda masewerawa.

Chinthu chimodzi chokha chinkamuwawa. Timu iliyonse inali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndiye anali ndi mphamvu youza woyendetsa kuti atsike. Chaka china Lufeyo anachita ngozi n'kumenyetsa mutu, ndipo bwana wake anamutsitsa m'galimoto kwa mipikisano itatu kuti mutuwo upole. Chikho cha chaka chimenecho chinapita kwa wina. Lufeyo sanaonepo chifundo pamenepo, anaonapo chipongwe, ndipo analumbira kuti palibenso munthu wobadwa mwa mkazi amene adzamutsitse. Anatsegula galaja yakeyake, analemba ntchito anthu akeake, dzina lake analilemba pagalimoto ndi zilembo zikuluzikulu. Woyendetsa anali iye, mwini timu analinso iye. Anali bwana wosaumira, koma wosafuna kuuzidwa, ndipo anthu ake anaphunzira msanga kuti pagalajapo mawu otetezeka ndi akuti "chabwino, bwana".

Tsopano tcherani khutu, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Matayala a galimoto yothamanga chotero sakhalitsa. Ikazungulira maulendo makumi asanu amakhala atatha, ndipo woyendetsa amayenera kupatukira m'kanjira ka m'mbali kuti amusinthire. M'kanjiramo timu iliyonse inali ndi malo ake olembedwa pansi ndi penti, ndipo anthu ake ankadikira kuseri kwa khoma lalifupi la konkire. Sankadikira kuti galimoto iime. Munthu wa jeke yokwezera galimoto ankalumpha khomalo galimoto ikubwerabe, n'kudutsa kutsogolo kwake jeke ili m'manja, kuti ikamaima iye akhale atafika kale mbali inayo. Ankadutsa osacheuka, pokhulupirira kuti woyendetsa akumuona ndipo aima pamzere, osapitirira ngakhale phazi limodzi. M'timu ya Lufeyo munthu wa jekeyo anali Yotamu, mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, bambo wa ana anayi.

M'chaka chachisanu cha timuyo, galimoto ya Lufeyo inagundidwa kumbuyo pokhota n'kukamenya khoma lalikulu la bwalo. Iye anatuluka yekha pawindo n'kukwezera anthu dzanja, ndipo anthu anamuombera m'manja. Dokotala wa pabwalo anamufunsa dzina lake ndi tsiku, iye anayankha bwino. Kenaka dokotalayo anamuimikira zala pamaso n'kumufunsa kuti ndi zingati. Lufeyo anaona manja awiri ndi zala zisanu ndi chimodzi. Anali munthu wochenjera, choncho anagawa pakati n'kuyankha kuti zitatu. Dokotala analemba kuti munthuyu ali bwino.

M'mawa maso ankakhaladi bwinobwino. Koma akazungulira bwalo kwa nthawi, mutu ukatentha m'chisoti, zinthu zinkayamba kugawikana. Galimoto ya kutsogolo inkaoneka ngati magalimoto awiri, mzere woyera unkasanduka mizere iwiri. Anapeza njira yake yozembera: akatsinzina diso lamanzere, zinthu zinkabwerera pamodzi. Pabwalo njirayi inkagwira ntchito. Koma diso limodzi silidziwa bwino kuti chinthu chili patali bwanji, ndipo m'kanjira kosinthira matayala munkafunika chimenecho. Kawiri anapitirira mzere, ndipo ulendo wachiwiri bampala inapukuta ovololo ya Yotamu pabondo.

"Mabuleki awa anamanga ndani?" anakalipa Lufeyo mpikisano utatha.

Amakaniko anamasula mabuleki abwinobwino n'kuikamo ena.

Mantha anamulowa munthu uja, ndipo anali mantha enieni. Khoma sankaliopa, poti anali atazolowerana nalo. Ankaopa kanjira kaja. Akamva pawailesi ya m'chisoti kuti nthawi yosintha matayala yakwana, ankalakalaka atangopitirira osalowamo. Masiku opanda mpikisano mabanja awiriwa ankadyera pamodzi, ndipo ana a Yotamu ankamukwera pamsana ndi kumukoka makutu. Iye akawayang'ana ankaona ana amasiye, n'kumasiya chakudya m'mbale. Mkazi wake anamufunsa kangapo ngati akudwala, ndipo iye ankangoti ndi kutopa.

Tsiku lina anamuitanira Yotamu kuseri kwa galaja. Anali atakonzeka kuulula zonse, koma atayang'ana nkhope ya mlamu wakeyo mawu anabwerera m'mimba, m'malo mwake munatuluka ena.

"Alamu, mwakula tsopano. Jeke ija isiyireni wina, inu muziyang'anira matayala kuseri kwa khoma."

Yotamu anamuyang'ana akupukuta manja ndi kansalu.

"Jeke ndi yanga, alamu," anatero. "Winayo nayenso ali ndi ana."

Lufeyo anachita manyazi, koma sanafunse kuti mawuwo achokera pati. Munthu wobisa chinthu safuna kudziwa zimene anzake akudziwa.

Mlanduwu ankauzenga yekha m'mutu mwake. Lufeyo woyendetsa ankapita kwa Lufeyo mwini timu n'kumudandaulira kuti sakuona bwino. Mwini timu ankayankha kuti kwatsala mipikisano inayi yokha, chikho chayandikira, ndipo mabanja makumi awiri akudyera pagalimotoyi. Za dokotala tidzaona chaka chikatha. Woyendetsa ankavomera. Akanakana bwanji, poti awiriwo ankavala chisoti chimodzi? Mwambi woti pakadafunda padajiwitsa galu ankaudziwa bwino, koma unali wonenera ena.

Unafika mpikisano womaliza. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo bwalo linadzaza anthu mpaka ena anakhala pamasitepe. Lufeyo akanangomaliza pakati pa asanu oyamba, chikho chinali chake. Kawiri anapatukira m'kanjira, kawiri anaima pamzere diso limodzi ali chitsinzinire, ndipo kawiri Yotamu anadutsa wamoyo. Kunatsala kupatuka kumodzi kokha.

Atazungulira maulendo zana limodzi ndi makumi asanu, mutu unali ukuwira. Iye anali patsogolo pa onse.

"Bwana, lowani ulendo uno," anatero mawu a pawailesi.

Sanalowe. Anadutsa pakhomo pa kanjirako ngati sanamve.

"Bwana, matayala atha. Lowani."

Anazunguliranso katatu, akupempha Mulungu kuti maso abwerere mwakale kwa mphindi imodzi yokha. Sanabwerere. Galimoto inayamba kuterereka pokhota, ndipo iye ankamva m'chiwongolero kuti tayala lakutsogolo latsala nsalu yokha. Likanaphulika pa liwiro limenelo, magalimoto onse a kumbuyo kwake akanaunjikana pa iye, ndipo maliro sakanakhala amodzi. Kukhala pabwalo kunali imfa, kulowa m'kanjira kunalinso imfa. Thukuta lili kamukamu, analowa.

Anatsinzina diso lamanzere monga mwa masiku onse. Lamanja linali chifunga chokhachokha. Anatsegula onse awiri, ndipo nthawi yomweyo Yotamu analumpha khoma.

Anali awiri. Onse anavala ovololo yofanana, onse ananyamula jeke, onse anaweramitsa mutu osacheuka. Wina anali atatsala pang'ono kufika mbali inayo, wina anali pakati penipeni pamene galimoto inkalunjika. Lufeyo anaponda buleki, koma matayala otha aja anangokwekwereza pansi, galimoto n'kumapitabe. Mmodzi mwa awiriwo anali mphepo chabe, winayo anali mlongo wa mkazi wake, ndipo panalibe nthawi yofunsa. Akanawongola, mwina akanadutsa mumphepo n'kukatenga chikho chake. Mwinanso ayi. Anayang'ana kumanzere. Makoma analinso awiri, koma khoma lilibe mkazi ndi ana. Anakhotetsa chiwongolero ndi mphamvu zake zonse.

Phokoso lake linamveka bwalo lonse. Anthu a kuseri kwa khoma anabalalika. Galimoto inapindika mphuno, injini inatulutsa nthunzi, ndipo mwendo wamanzere wa Lufeyo unathyoka pawiri. Utsi utachepa, Yotamu anali chilili, jeke ili m'manja, pamalo penipeni pamene galimoto ikanadutsa. Anaiponya pansi, anathamanga, ndipo mothandizana ndi anzake anamusolola mlamu wake pawindo n'kumugoneka pansi. Magalimoto ena anapitiriza kuzungulira, poti mpikisano sudikira munthu.

"Alamu," anatero Lufeyo mano ali gwa ndi ululu, "ndinakuonani awiri. Maso anga anaonongeka tsiku la ngozi ija. Mabuleki analibe mlandu."

Yotamu anagwada pambali pake.

"Tinkadziwa, alamu. Tonse pagalaja tinkadziwa. Mabuleki tinkangosintha kuti musachite manyazi. Miyezi inayi imeneyi, tsiku la mpikisano likafika ndimatsanzika ana anga mmodzimmodzi, ndipo mayi awo sadziwa chifukwa chake."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Tikanakakunenezani kwa yani? Woyendetsa akadwala timauza mwini timu."

Mawu amenewa anamuopsa Lufeyo kuposa khoma lija. Miyezi yonseyo ankaganiza kuti mantha akuwasenza yekha, chonsecho munthu ankalumpha kutsogolo kwa galimoto yake akudziwa kuti woyendetsayo sakuona. Anamunyamula pamachira iye akulira, ndipo sikuti ankalirira mwendo. Chikho chinapita kwa wina, ndipo iye sanalowenso pawindo la galimoto ya mpikisano.

Inu amene mukundimvera, ambiri mwa inu chiwongolero ndi chanu, makiyi ndi anunso, kaya ndi pakhomo, kaya ndi pantchito, kaya ndi mumpingo. Mumakondwa kuti palibe wokulamulani. Koma alipo anthu amene amadutsa kutsogolo kwanu tsiku ndi tsiku osacheuka, ndipo chilema chimene mukubisacho ena mwa iwo anachiona kalekale. Akhala chete chifukwa alibe kokanena. Lufeyo anapeza khoma pafupi, koma si aliyense amalipeza. Lero lomwe dzifunseni kuti ndani ali ndi mphamvu yokulandani makiyi inu osamuchotsa ntchito, osamuthamangitsa pakhomo. Mukafufuza n'kupeza kuti munthu wotero palibe, musadzitame kuti mwakula. Chitani mantha.