Zogula za Ndaziona Mwezi Wamawa

Bwana Chingwalu, mwini sitolo yaikulu ku Limbe, anabweretsa kompyuta yamphamvu kwambiri, yotchedwa ya kwantamu, yolosera zimene kasitomala aliyense adzagule. Anaitana atolankhani kuti adzaione.

"Makinawa salakwitsa," anatero akudziguguda pachifuwa. "Akadzalakwitsa kamodzi kokha, mudzandilembe kuti ndine wabodza."

Kenako anatembenukira kwa Ndaziona, amene kwa zaka zisanu ankaoda katundu wa sitoloyo chifukwa chodziwa bwino makasitomala. "Iwe, ntchito yako yatha lero."

Ndaziona anapinda mawondo mwaulemu. "Zikomo, bwana. Koma poti nanenso ndimagula muno, tandifunsireni makinawo: mwezi wamawa ndidzagula chiyani?"

Bwana anadina mabatani monyadira n'kuwerenga mokweza: "Shuga, mafuta ophikira, sopo ndi nsapato za mwana."

"Eee, koma ndi anzeru! Kungoti zimenezo ndimagula ndi malipiro a pano, bwana. Mukandichotsa sindidzagula ngakhale machesi. Ndiye makinawa anena zoona?"

Atolankhani anasolola zolembera. Bwana anayang'ana makina, n'kuyang'ana makamera, thukuta lili kamukamu.

"Mawa ulawirire kuntchito," anatero chapansipansi.

"Mokweza pang'ono, bwana," anatero mtolankhani wina. "Kumbuyo kuno sitinamve."